Waya Wopirira Mphezi

Amati tsoka silinunkha, koma lathu linanunkha. Linali ndi fungo la labala wopsa, lija lokanirira kukhosi, losakanikirana ndi fungo la petulo ndi la dothi lonyowa. Mpaka lero, ndikamadutsa pamene anyamata akuwotcha mawaya akale kuti atsale ndi mkuwa wogulitsa, miyendo yanga imafulumira yokha. Fungolo limandibweza kumudzi kwathu, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, dzinja lija ndinali mu Sitandade 2, amayi ali oyembekezera, abambo ali ndi galimoto.

Galimotoyo inali nkhalamba kale pamene inkafika kwathu. Inali yobiriwira, koma kubiriwira kotopa kwa tsamba la fodya limene layamba kupsa, ndipo chitseko chimodzi chakumbuyo chinkatsekeka ndi chingwe. Abambo anaigula kwa mmwenye wina wa pa Mponela amene ankatseka sitolo yake kusamukira kutauni. Kuti aigule anagulitsa ng'ombe zathu ziwiri zapangolo, ndi ngolo yomwe. Anthu anayankhula, paja pakamwa pa anthu sipatsekeka, koma abambo anatseka makutu. Iwo anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ya kufupi ndi kwathu, analinso mkulu wa mpingo, koma kwawo kunali ku Msakambewa, ndipo pamudzi pathu anali mkamwini basi. Munda unali wa amayi. Malo a nyumba anali a amayi. Ngakhale ine mwana wawo, pamwambo wathu, mwini wanga anali amalume, a Gelesomu. Galimoto ija ndiyo inali chinthu chokhacho chimene palibe akanawauza kuti munachipeza pano.

Inkagona m'chigafa cha fodya, moyandikana ndi nkhokwe. Loweruka lililonse abambo ankaitulutsa n'kuitsuka ndi madzi amene ine ndi amayi tinkasenza kuchokera kudambo. Sindinkadandaula, chifukwa akatha ankandilola kukhala pampando wakutsogolo ndi kuliza hutala. M'kati munkanunkha chikopa chakale, mafuta, ndi kafungo ka zokometsera ndiwo za mwini wake woyamba, kamene sikanathe ngakhale akolope bwanji. Munkanunkhanso makoswe. Iwo ankatuluka m'nkhokwe atakhuta n'kudzagona pa injini, pofunda, ndipo abambo akatsegula boneti ankapeza mankhusu a chimanga, tinsanza ndi tizidutswa ta labala wakuda tomwe anatafunatafuna. Ankangosesa ndi nthenga ya nkhuku, akuseka. "Alendo angawa amakwera ulere," ankatero, ndipo tonse tinkaseka nawo. Palibe ankaona choopsa mwa makoswe kupatula chimanga chimene ankatidyera.

Dzinja la chaka chimenecho linali la mvula yosaleka. M'mawa nkhungu inkatsika m'mapiri n'kuphimba mudzi wonse, moti tambala wa nyumba yoyandikana nayo unkangomumva osamuona. Zovala sizinkauma, nkhuni zinkangofuka, mchere unkasungunuka m'botolo. Ana tinkapita kusukulu titafunda masamba a nthochi, matope ofiira ali m'zala za kumapazi, m'matumba muli mango ofewa amene tinkatola panjira. Madzulo achule ankasokosera kudambo mpaka munthu kuiwala kuti kuli phokoso. Ndinkaikonda nyengo imeneyo, ndipo ndinaikonda mpaka chaka chimenecho.

Ine ndinali mwana mmodzi. Anzanga onse ankabwera kosewera atabereka ang'ono awo, mamina ali paphewa, ine nditabereka chitsononkho. Zinkandipweteka kwambiri. Sindinkadziwa kuti pambuyo panga amayi anapita padera kawiri, ndiponso kuti ulendo wachiwiriwo anatsala pang'ono kutisiya. Chimene ndinkadziwa n'chimene ana tonse tinkauzidwa, chakuti makanda amakatengedwa kuchipatala, ndipo amayi anali atandilonjeza kuti chaka chimenecho tikatenga wathu. Anali ataluka kale kachipewa ndi kajuzi ka ulusi wachikasu, n'kubisa m'sutikesi pansi pa yunifolomu yawo ya amayi a mpingo. Ine ndinkadziwa pamene anabisa. Akapita kumunda ndinkatsegula, n'kuveka kachipewako chibakera changa, kuyerekeza mutu.

Kuchipatala cha ku Madisi anali atawauza amayi mosapita m'mbali kuti ulendo uno asayerekeze kuchirira kunyumba. Anati mwezi wake ukangoyandikira abwere adzadikirire komweko. Amayi ambiri ochokera kumapiri ankachita zimenezo: ankanyamuka pangolo masiku akadalipo, ndi kathumba ka ufa, mtolo wa nkhuni ndi wowaphikira, n'kumakhala konko mpaka tsiku lifike. Amalume anabwera madzulo ena kudzakumbutsa zimenezi. Ine ndinali pakhonde ndikusadzula nkhwani, ndipo ndinamva zonse.

"Alamu, mlongo wangayu apite akadikirire. Ngolo ndapeza kale yobwereka," anatero amalume.

"Akavutikirenji kwa eni ake, kudyedwa ndi udzudzu, galimoto ili pakhomo?" anayankha abambo. "Kudikirira n'kwa amene alibe chokwera. Matenda akangoyamba, tiyi asanazizire tafika."

Inali nthawi yobandira, udzu unali utakula m'chimanga, fodya nayenso ankafuna manja, ndipo popanda ng'ombe zija ntchito yonse inali ya khasu ndi mutu. Ndikhulupirira kuti amayi nawonso mumtima anakondwa kupeza chifukwa chosausiyira munda. Amalume anadzuka, anasasa fumbi kumbuyo kwa kabudula wawo, anangoti, "Ndanena," n'kumapita.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wokhala ndi galimoto sankaitcha yake pamene chipani chaifuna. Sabata lotsatira a tcheyamani a dera lathu anatumiza uthenga kuti abambo atenge amayi otsogolera nyimbo kupita nawo kuboma, kumene kunali msonkhano. Analowa amayi ochuluka kuposa mipando, atavala nsalu zawo za chipani, akuimba kuyambira pakhomo pathu. Ana tinaithamangira galimoto mpaka kudambo. Koma pachitunda cha miyala chotulukira kumsewu waukulu, galimoto inangozima. Siinatsokomole, siinalire mwachilendo, inangoti zii, ngakhale hutala osalira. Amayi aja anatsika n'kuyenda pansi m'matope, ndipo anakafika msonkhano uli pakati. Galimoto anaikankha anyamata a Sitandade 8 kubwerera nayo kuchigafa.

A tcheyamani anabwera mawa lake. Sanakalipe. Anakhala pampando umene anapatsidwa, anamwa thobwa, n'kufunsa za sukulu. Ponyamuka ndi pamene anati, "Aphunzitsi, ife tikudziwa kuti ndi makina. Koma kuboma ena afunsa kuti galimoto imene imapita bwinobwino kutchalitchi ikudwala bwanji tsiku la chipani. Zisadzachitikenso." Ndinaona abambo akuwaperekeza, manja ali kumbuyo, atawerama pang'ono ngati mwana wasukulu. Ndi ana omwe tinkamva za aphunzitsi ena amene anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo, mabanja awo n'kutsala osadziwa kokafunsa. Madzulo amenewo abambo sanadye.

Chimene chinavuta anachipeza okha, atafufuza masana onse malaya atavula. Pafupi ndi batire panali poyambira mtolo wa mawaya, wokulungidwa ndi tepi yakuda, wonenepa ngati dzanja langa, umene unkagawikana kupita ku magetsi, ku hutala, ku kiyi ndi kwina konse. Koma pakati pa batire ndi mtolowo panali kawaya kamodzi kakafupi, kotalika ngati chala, kowonda kuposa anzake onse. Kameneko ndiko kanapsa. Kunja kanali katatupa matuza, m'kati kataduka. Abambo anakanyamula m'mwamba kuti tonse tione, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wagwira mbala. "Taonani," anatero. "Galimoto yonseyi, mphamvu yake yonse, anaidutsitsa pa kaulusi aka. Azungu nawonso amaumira."

Masitolo ogulitsa zoterezi anali ku Lilongwe, ndipo ngakhale akanapita sakanadziwa dzina loti akatchule. Choncho anayamba kulumikiza ndi zimene zinalipo. Anadula kachidutswa ka waya wa wailesi yathu, anasenda nsonga zake ndi lezala, anapota, n'kukulunga ndi labala wa chubu cha njinga. Galimoto inalira. Anaizungulitsa pabwalo la sukulu, pamene panali posalala, ndipo inayenda ngati mwana womvera. Koma atangoitengera pamsewu wathu wa miyala ndi maenje, kawaya katsopano kanapsanso. Anaphatikiza tiwiri, tinapsa. Anawonjezera, tinachedwerako pang'ono, koma tinapsa ndithu. Mwezi wonsewo ndimaukumbukira choncho: mvula ikudontha pa udzu wa chigafa, abambo atawerama m'boneti, kafungo kaja kakutuluka, amayi atakhala pamphasa pakhonde miyendo itatupa, akuyang'ana.

Tsiku lina amayi anayankhula. Ndinali nditakhala pakati pa miyendo yawo akundiluka tsitsi, ndipo abambo ankadutsa ndi lezala lawo m'manja. "Bambo a Nelesi," anatero mofatsa, "bwanji ndingopita pangolo ija? Thupi langali sindikulimva bwino." Abambo anaima. Sanakwiye, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakwiya. Anayang'ana kunyumba kwa amalume, kumene anthu anali atakhala pakhonde, n'kuyang'ananso amayi ndi maso opempha. Anati awapatse mpaka Loweruka, zikakanika iwo omwe akaitana ngolo. Amayi anapitiriza kuluka, koma zala zawo zinkakoka tsitsi langa mwamphamvu kuposa masiku onse.

Anthu akwathu tili ndi kaganizidwe kathu pa zinthu zothyoka. Mpini ukathyoka, umakadula wina wokulirapo. Luzi likaduka pomanga nkhokwe, umaphatikiza. Mzati ukagonja ndi denga, umazika wa muwanga. Moyo wonse unatiphunzitsa kuti chimene chathyoka ndicho chili ndi mlandu, ndipo mankhwala a kufooka ndi kulimbitsa. Panalibe ndi mmodzi yemwe pamudzi, wophunzira kapena wosaphunzira, amene akanaganiza kuti munthu wanzeru zake angapange chinthu chofooka mwadala. Ndi amalume omwe, amene ankadana nayo galimotoyo, atasuzumira m'boneti anati, "Alamu, mukusewera ndi tiulusi. Ikanipo chinthu chachimuna."

Pa phiri la kumtunda kwa sukulu panali tchalitchi chathu chakale cha njerwa, chimene tinali titasiya kupemphereramo chifukwa khoma linang'aluka. Pakhoma limenelo panali waya wa mkuwa, wonenepa ngati pensulo, wochokera pamwamba pa denga kukalowa m'nthaka, amene amishoni akale anaika kuti aziteteza ku mphezi. Dzinja la chaka chapitacho mphezi inagwa pamenepo, inang'amba mtengo wa pambali, koma tchalitchi chinatsala chilili, ndipo aliyense ankati wayayo ndiye anameza moto. Abambo anapempha kwa akulu anzawo a mpingo, ndipo anawalola kudulako kachidutswa.

Loweruka limenelo pakhomo pathu panali ngati pachikondwerero. Abambo anamupala wayayo ndi mchenga mpaka kubiriwira kwa zaka kunachoka, n'kutsala kufiira kowala kumene kunandikopa mtima. Pomwepo ndinaganiza kuti akanakhala chibangili chokongola padzanja langa. Anamuika pamwala, anasula nsonga zake ndi hamala mpaka zinaphwatalala, anaboola ndi msomali, n'kumanga kolimba ndi maboti, mbali ina ku batire, mbali ina ku mtolo uja. Atatha anaweramuka, akupukuta manja pa chisanza. "Waya amene anapirira mphezi ya Mulungu sangaope galimoto ya mmwenye," anatero, ndipo amalume anaseka koyamba pa nkhani ya galimotoyo. Analiza injini, anayatsa magetsi masanasana kuti tione kuwala kwake, n'kupita nayo mpaka pachitunda cha miyala chija ndi kubwerera osazima. Kafungo kanamveka pang'ono, koma iwo anati n'kotsala ka tiwaya takale. Za ngolo sizinatchulidwenso. Pa mapemphero a madzulo abambo anathokoza nthawi yaitali, amayi anati ameni, ndipo ine ndinagona ndi mtima woyera podziwa kuti njira yokatengera mwana yatseguka.

Matenda anayamba Lachitatu m'mawa, mvula itagwa kwambiri dzulo lake. Ndinadzuka n'kupeza amayi atagwira mzati wa khonde, akupuma ngati munthu wokwera phiri, ndipo amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, akulongedza nsalu, beseni ndi sutikesi ija. Nditaona sutikesi ndinadziwa kumene akupita, ndipo ndinalira kuti ndipite nawo ndikasankhe ndekha. Amayi aakulu anakana, anati si ulendo wa ana. Koma abambo anali ndi mtima wabwino m'mawa umenewo, mtima wa munthu amene tsiku lake loonetsa anthu lafika. "Musiyeni akwere kutsogolo," anatero. "Ndibwera naye masana ano."

Tinadutsa dambo, madzi akuwazikira m'mbali. Tinakwera chitunda cha miyala chija galimoto ikudumphadumpha, ndipo titafika pamwamba abambo anandiyang'ana n'kumwetulira. Tinapitirira midzi imene ndinkaidziwa, tinalowa imene sindinkaidziwa. Kumbuyo amayi ankabuula chapansipansi, amayi aakulu akuwasisita msana. Msewu unali utakumbika ndi madzi, ndipo potsetsereka pena, pakati pa minda ya fodya, tayala linagwera m'dzenje mwamphamvu mpaka mutu wanga unagunda denga. Ndi pamene fungo lija linabwera, osati kafungo tinazolowera kaja. Utsi wotuwa unayamba kutuluka pansi pa chiwongolero, kenako pamapazi anga, kenako paliponse. Hutala inayamba kulira yokha. Abambo anazimitsa kiyi, koma utsi sunaleke, ndipo ndinaona labala akusungunuka n'kudonthera pa nsapato zawo zakutchalitchi.

Anatitulutsa tonse, n'kutsegula boneti. Mtolo wonse wa mawaya unali ukufuka kuyambira ku batire mpaka kumene unkalowera m'kati, timalawi tikuthamanga pamwamba pake. Maboti aja anali atawamanga kolimba, monga ankamangira chilichonse, ndipo sipanala inkangoterereka m'manja mwawo. Anaitaya, anagwira chingwe cha batire ndi manja, n'kukoka mpaka chinazuka. Amayi aakulu ankatapa matope a mumsewu ndi beseni la mwana lija n'kumathira pa injini. Moto unazima. Mvula inayambanso kuwaza, ndipo abambo anaima pamenepo atatambasula manja, zikhatho zili zoyera ngati apaka ufa. Anayesabe kiyi ndi nsonga za zala. Panalibe chinayankha.

Ku Madisi kunali kudakali kutali, kwathu kunalinso kutali, ndipo pamsewu umenewo dzinja tsiku linkatha osadutsa galimoto. Anthu a mudzi wapafupi anatsika m'minda ndi makasu awo. Anadula mitengo, anamangapo bulangete, n'kuwanyamula amayi. Anayamba ngati alowera ku Madisi, koma asanapite patali amayi aakulu anawaimitsa, anawerama pa amayi, n'kunena kuti awalowetse m'nyumba iliyonse yapafupi. Wina anatchula ngolo ya m'mudzimo, koma amayi aakulu anati nthawi ya ngolo inatha kalekale. Anatuma munthu panjinga kuchipatala, namuuza kuti akapeza mtsinje utadzaza asenze njingayo pamutu.

Ine anandiika m'khitchini ya mayi wina amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Anandipatsa mango m'lichero, n'kundiuza kuti ndisatuluke. Pa kamng'alu ka chitseko ndinkaona nyumba imene munali amayi, akazi akulowa ndi kutuluka ndi madzi otentha. Ndinkaonanso abambo atakhala patsinde pa mtengo chapatali, kumene amuna anzawo anawakhazika, manja atapakidwa mankhwala a masamba n'kusanjika pamawondo. Palibe mwamuna anayandikira nyumba ija. Tsikulo linatalika kwambiri, ndipo ndinali ndi mantha, koma mantha anga anali a mwana. Ndinkaopa kuti tikuchedwa, kuti kuchipatala kufika anthu ena n'kutenga wathu.

Dzuwa litapendeka chitseko chinatseguka. Anatuluka amayi achikulire okhaokha, ali pamzere, mmodzi atanyamula khasu. Amayi aakulu anali pakati, atafungata kanthu kokulungidwa m'nsalu, ndipo pansonga pa nsaluyo ndinaona ulusi wachikasu ukulendewera. Analowera kudambo osafulumira, osalira, osaimba nyimbo ngakhale imodzi. Amuna aja anatembenuza nkhope kuyang'ana kumbali. Kwathu mwana wobadwa atafa kale saliridwa. Amati ndi mtayo, amakaika akazi okhaokha m'dzenje losaya, ndipo kulira amaletsa poopa kuti mayiyo angaleke kubereka. Izi ndinazidziwa nditakula. Tsiku limenelo, posamva kulira, ndinati palibe wamwalira. Ndinangokwiya kuti amayi aakulu apita ndi kachipewa kathu kudambo, kukakadetsa ndi matope.

Galimoto ya kuchipatala inafika dzuwa likulowa, itazungulira njira yaitali chifukwa cha mtsinje. Inawatenga amayi, ndipo anakhala ku Madisi mpaka tinayamba kudya dowe. Anabwera atawonda, akuyenda mogwira khoma, ali ndi chipsera pamimba chimene ndinachiona kamodzi akusamba. Anabwera opanda mwana. Nditafunsa anati, "Tinapeza atatha, mwanangu." Ndinafunsanso kuti tidzapita liti kukaona ngati abwera ena. Anandisisita kumutu, anati tiona. Sitinapitenso. Ndinakhalabe mwana mmodzi, ndipo chitsononkho chija ndinachitaya ndekha.

Galimoto anaikoka ndi ng'ombe zobwereka, ndipo zinali zathu zomwe zija, zimene mwini wake watsopano anatibwereka mwachifundo. Anthu anaima m'makomo kuonerera. A tcheyamani anabwera kudzapepesa, anasuzumira m'boneti, n'kuvomereza kuti apa palibe angakayike. Amalume sananene kuti paja ndinanena. Anaima ndi abambo m'chigafa akuyang'ana mawaya amene anasanduka makala, ndipo pakati pa makala onsewo waya wa mphezi uja anali chiwalire monga tsiku limene anamuika, osapsa ngakhale pang'ono. "Mwaona, alamu," anatero abambo ndi mawu otsika, akuloza ndi dzanja la mabandeji. "Wangayu wapirira. Ndi enawa amene anali ofooka." Amalume anagwedeza mutu kuvomera. Ine ndinamva, ndipo ndinakhulupirira. Ndinanyadira pang'ono kuti pa zonse zimene zinalephera tsiku lija, ntchito ya abambo anga yokha ndiyo sinalephere.

Galimoto sinayendenso. Matayala anaphwa, nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando wakumbuyo, makoswe anabwerera pamalo pawo. Abambo anapitiriza kuphunzitsa, atagwira choko ndi zala zimene sizinkapindikanso bwino. Kuseka kunachepa m'nyumba mwathu, ndipo iwo ndi amayi ankayankhulana mwaulemu ngati alendo amene akhalirana mpando m'basi. Chilimwe chitafika, masana ena otentha, ndinawaona akulowa m'chigafa ndi sipanala. Anatuluka atagwira waya uja. Ndinawathamangira ndikuwapempha kuti andipindire chibangili, popeza tsopano wayayo analibe ntchito. Sanandiyang'ane. Anapita kuseri kwa nyumba, analowa m'chimbudzi, ndipo ndinamva kachitsulo kakugwera pansi pa dzenje. Atatuluka anasamba m'manja nthawi yaitali, kutha madzi onse a m'ndowa. Ine ndinaona kuti ndi nkhanza basi, kutaya chinthu chokongola mwana akuchipempha.

Abambo anamwalira kalekale, amayinso anatsatira. Mwana wanga wamwamuna, Chifuniro, amakonza za magetsi a galimoto ku Lilongwe, ndipo chaka chatha nditakamuona kuntchito ndinamupeza akugwira galimoto yakale ya bwana wina wokonda zinthu zamakedzana. Anali atasenda tepi ya mtolo wa mawaya, akulumikiza kawaya kakafupi, kowonda, pafupi ndi batire. Ndinamuuza, monga mayi wodziwa zinthu, kuti aikepo wonenepa chifukwa kamenekako kapsa. Iye anaseka osadzutsa mutu. "Ntchito yake ndi yomweyo, amayi. Anakapanga kofooka dala. Pena pake waya akasupuka n'kumagunda chitsulo, kaya ndi kukhuzika kaya ndi makoswe, kamapsa kokha kuti ena onsewa apulumuke. Kakapsa mumayamba mwafufuza posupukapo, mumatapo, kenako n'kuika kena kowonda chimodzimodzi. Mukaikapo wonenepa ndiye kuti mwawotcha galimoto yonse." Anapitiriza ntchito yake akuimba mluzu. Ine ndinapempha mpando.

Ndili mwana ndinkadziwa zinthu ziwiri za dzinja lija: kuti tinachedwa ena n'kutitengera mwana wathu, ndi kuti abambo anandimana chibangili. Tsopano ndikudziwa kuti mlongo wanga ali m'dambo la mudzi umene sindingathe kuuloza, atavala kachipewa kachikasu, ndi kuti kawaya kaja kanatichenjeza mwezi wathunthu ife tikukanyoza. Pobwerera kwathu tsiku limenelo ndinadzitonthoza m'minibasi kuti bola abambo anapita kumanda osadziwa. Tisanafike pa Mponela ndinakumbukira masana otentha aja, ndi ndowa ija ya madzi. Sindikudziwa amene anawauza, kapena ngati anangozindikira okha tsiku lina ali chiimire pa bolodi. Anakhala nazo okha zaka zonse zotsalazo, pamudzi pa eni ake, osauza munthu, ndipo m'mawa uliwonse popita kusukulu ankadutsa pakhomo pa chigafa chija.